Maulendo a Mabanja a ku Japan m'Nyengo Yotentha: Mbiri Yake ndi Mawu Ake

MAWU OYAMBA

Alembi a mabuku a sukulu, akonzi a nyuzipepala ndiponso omasulira nkhani za pa wailesi amakumana kaŵirikaŵiri ndi ntchito yofotokoza m'Chicheŵa miyambo ya anthu a maiko akutali. Ambiri a ife tikapeza liwu lachilendo timathamangira kufuna liwu lathu lofanana nalo, ndipo tikalipeza timayesa kuti ntchito yatha. Komatu liwu lililonse limasenza mbiri ya eni ake, ndipo womasulira wosadziŵa mbiriyo angathe kusocheretsa ana a sukulu ambirimbiri ndi liwu limodzi lokha.

M'nkhani ino tiona chitsanzo chimodzi: maulendo amene mabanja a ku Japan amayenda m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti. Chaka ndi chaka, pakati pa mwezi wa Ogasiti, sitima zapamtunda, ndege ndi misewu ikuluikulu ya dzikolo zimadzaza ndi anthu ochoka m'mizinda. Ena amapita kumudzi, ena kunyanja, ena kumapiri. Mlendo angaganize kuti onseŵa ali pa ulendo wa mtundu umodzi, koma mbiri ikusonyeza kuti maulendoŵa ndi a mitundu itatu ndipo adayamba pa nthaŵi zosiyana. Pali ulendo wakalekale wokalandira mizimu ya makolo, pali ulendo umene madokotala ndi njanji adayambitsa m'zaka za m'ma 1880, ndipo pali ulendo wokasangalala umene udabwera ndi galimoto nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha. Uliwonse mwa maulendoŵa udasiya mawu akeake m'Chijapani, ndipo tsogolo la mawuwo lidatsata tsogolo la mwambo umene adabwera nawo.

Tidziŵiretu kuti mawu a Chijapani ali m'magulu atatu. Pali mawu achibadwidwe. Pali mawu omangidwa ndi zilembo zochokera ku China zotchedwa kanji. Ndipo pali mawu obwerekedwa ku zinenero za ku Ulaya, amene amalembedwa ndi zilembo zapadera zotchedwa katakana. Magulu onse atatu tikumana nawo pamene tikutsata mbiriyi.

DZINA LA NYENGO

Ajapani amatcha nyengo imeneyi natsu, ndipo imatenga miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti. Mabuku athu ambiri amamasulira nyengo yotentha ya maiko akumpoto kuti chilimwe. Mwana wa ku Dedza kapena ku Chikwawa akamva liwu limeneli amaona tchire lopsa, fumbi, mitsinje youma ndi minda imene anthu akusosa podikira mvula. Nyengo ya natsu siili choncho. Imayamba ndi mvumbi wotchedwa tsuyu, umene m'zigawo zambiri umagwa kuyambira kuchiyambi kwa Juni mpaka cha pakati pa Julayi, kupatula pa chisumbu chakumpoto cha Hokkaido. Liwu lakuti tsuyu limalembedwa ndi zilembo ziŵiri zotanthauza "mvula ya ume", chifukwa mvulayi imagwa pamene zipatso za mtengo wa ume zikupsa. Mvumbiwu ukatha kumabwera kutentha kwachinyezi kochititsa thukuta usana ndi usiku, mpunga uli wobiriŵira m'minda, nyenje zikulira m'mitengo.

Motero nyengoyi imafanana ndi chilimwe pa kutentha ndi kulira kwa nyenje, imafanana ndi dzinja pa mvula ndi msipu, koma pa kalendala imagwa m'miyezi imene ife timaotha moto chifukwa cha chisanu. N'chifukwa chake m'nkhani ino tikungoti "nyengo yotentha".

ULENDO WAKALE: MWAMBO WA OBON

Ulendo wakale koposa onse ndi wa Obon, mwambo wolandira mizimu ya makolo imene Ajapani amati imabwera kudzacheza kwa abale ake kwa masiku oŵerengeka chaka chilichonse. Dzinali lidafupikitsidwa kuchokera ku urabon, liwu limene lidadza kudzera ku China pamodzi ndi mabuku a chipembedzo cha Chibuda. Nthano yake imasimba za wophunzira wa Buddha, amene Ajapani amamutcha Mokuren, yemwe adaona mayi ake akuzunzika ndi njala kudziko la akufa, ndipo adawapulumutsa popereka chakudya kwa amonke pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chiŵiri. Buku lakale la mbiri ya Japan, Nihon Shoki, limasonyeza kuti mwambowu udachitika pa kachisi wa Asuka m'chaka cha 657. M'kupita kwa nthaŵi udasakanikirana ndi miyambo ya eni dziko yolemekeza makolo. Anthu adadula liwulo n'kutsala ndi bon, kenaka adaikapo mphatikiri yaulemu o- kutsogolo kwake. Lero ndi Ajapani ochepa amene amalimva ngati liwu lobwereka.

Mwambowu umatenga masiku anayi. Abale amasesa pamanda ndi kutsuka miyala ya chikumbutso. Madzulo a tsiku la 13 amasonkha kamoto pakhomo, kotchedwa mukaebi, kuti mizimu ione njira yobwerera kwawo, ndipo pa 16 amasonkha kena, okuribi, koiperekezera. M'zigawo zina amabaya timitengo tinayi pa nkhaka kuti ikhale kavalo, ndi pa biringanya kuti likhale ng'ombe: kavalo ndi woti makolo abwere msanga, ng'ombe ndi yoti abwerere pang'onopang'ono atasenza mphatso. Usiku anthu amavina bon odori mozungulira nsanja ya ng'oma. Ku Kyoto, pa 16 Ogasiti, amayatsa moto waukulu pa mapiri asanu, ndipo wina mwa motowo umaoneka ngati chilembo chotanthauza "chachikulu".

M'nthaŵi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, anyamata ophunzira ntchito m'masitolo ndi atsikana ogwira ntchito m'nyumba za olemera ankakhala kwa mabwana awo chaka chonse. Ankaloledwa kukaona makolo masiku aŵiri okha: pa 16 mwezi woyamba ndi pa 16 mwezi wachisanu ndi chiŵiri. Masiku ameneŵa ankatchedwa yabuiri. Apa m'pamene padagona muzu wa chizoloŵezi chakuti wantchito wa m'tauni amapita kwawo pa nthaŵi ya Obon.

Tsiku la mwambowu lidasokonezeka boma litasintha kalendala. Kale Ajapani ankaŵerenga miyezi potsata mwezi wakumwamba, ndipo mwezi wachisanu ndi chiŵiri unkagwa cha mu Ogasiti. Boma la mfumu Meiji lidalamula kuti tsiku lachitatu la mwezi wa 12 wa chaka chimenecho lisanduke 1 Januwale 1873, potsata kalendala ya ku Ulaya. Anthu a ku Tokyo adamvera nayamba kuchita Obon pakati pa Julayi. Alimi a m'zigawo zambiri adaona kuti pa nthaŵiyo ntchito yakumunda ikadali yambiri, choncho adakankhira mwambowo pakati pa Ogasiti. Anthu a ku Okinawa adakakamira kalendala yakale. Mpaka lero masiku a Obon alipo atatu m'dziko limodzi, ndipo Obon sali pa mndandanda wa maholide a boma. Makampani amangotseka okha chifukwa antchito apita kwawo.

KUPITIDWA MPHEPO M'MIZINDA YAKALE

M'nthaŵi ya Edo munthu wamba sankayenda ulendo wautali mwachisawawa. Pa misewu ikuluikulu padali zipata za boma, ndipo wapaulendo ankafunika chikalata, chimene ankachipeza mosavuta ngati akupita kukapembedza ku malo opatulika monga Ise. Motero chisangalalo cha banja m'nyengo yotentha chidali cha pafupi ndi nyumba. Madzulo anthu ankavala chovala chopepuka cha thonje chotchedwa yukata, n'kupita m'mbali mwa mtsinje kukapitidwa mphepo. Mchitidwe umenewu ankautcha yusuzumi, liwu lachibadwidwe lotanthauza kudziziziritsa madzulo.

Mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, nyengoyi inkatsegulidwa ndi makombola pa mtsinje wa Sumida, pafupi ndi mlatho wa Ryogoku. Mbiri imene imasimbidwa kaŵirikaŵiri imati mwambowu udayamba mu 1733 pokumbukira anthu amene adafa ndi njala chaka cha 1732. Mabanja aŵiri opanga makombola, a Kagiya ndi a Tamaya, ankapikisana, ndipo oonerera ankafuula maina awo powachemerera. A Tamaya adapirikitsidwa mumzindawo mu 1843 moto utabuka pa malo awo. Chionetserochi chidalekeka pambuyo pa 1961 ndipo chidayambiranso mu 1978. Dzina la makombolaŵa ndi hanabi, kuchokera ku hana, duŵa, ndi hi, moto: "duŵa lamoto". Onga udachokera kunja, koma dzina adalipanga ndi mawu aŵiri a pakhomo amene ngakhale mwana amawadziŵa.

MADOKOTALA, NJANJI NDI TSIKU LOPUMA

Ulendo wa mtundu wachiŵiri udayamba m'nthaŵi ya Meiji, kuyambira 1868 mpaka 1912, pamene Japan adatsegula zitseko zake ku maphunziro a ku Ulaya. Zinthu zitatu zidafunika kuti banja liyende ulendo wopanda maliro kapena chipembedzo: tsiku lopuma, njira yoyendera ndi chifukwa chomveka.

Tsiku lopuma lidabwera mu 1876, pamene maofesi a boma adayamba kutseka Lamulungu tsiku lonse ndi Loŵeruka masana. Anthu adatcha tsiku lopumalo dontaku, kuchokera ku liwu la Chidatchi la zondag, chifukwa kwa zaka zoposa 200 Adatchi okha ndiwo azungu amene ankaloledwa kuchita malonda ku Nagasaki. Loŵeruka lidatchedwa handon, kutanthauza "theka la dontaku". Mmenemonso ndi mmene ife tidapezera Lolemba ndi Loŵeruka: maina a masiku athu adabwera ndi ntchito yolembedwa, tsiku lolemba antchito ndi tsiku loŵeruka. Ku Japan liwu la dontaku lidagonja kwa nichiyobi, dzina la Lamulungu lomangidwa ndi kanji, ndipo lidangotsalira pa dzina la chikondwerero cha Hakata Dontaku mumzinda wa Fukuoka. Handon lidakhala zaka zoposa 100, koma lidayamba kuiŵalika maofesi a boma atasiya kugwira ntchito Loŵeruka mu 1992, ndi sukulu za boma mu 2002.

Njira yoyendera idali njanji. Yoyamba idatsegulidwa mu 1872 pakati pa Shimbashi ndi Yokohama, ndipo pofika 1889 sitima inkachoka ku Tokyo mpaka ku Kobe.

Chifukwa chomveka chidachokera kwa madokotala. Asodzi ankadziŵa kusambira, ndipo m'madera ena odwala ankadziviika m'madzi amchere kuyambira kale, koma munthu wa m'tauni sankaona nyanja ngati malo osangalalira. Dokotala Nagayo Sensai, amene adayendera America ndi Ulaya ndi nthumwi za Iwakura kuyambira 1871, adasoŵa liwu lofotokozera udindo wa boma woteteza thanzi la anthu onse. M'malo mobwereka liwu la Chijeremani adatola liwu lakale m'buku la Chitchaina la Zhuangzi, eisei, lotanthauza "kuteteza moyo", nalipatsa ntchito yatsopano. Mu 1875 lidakhala dzina la nthambi ya boma. Dokotala wina, Matsumoto Jun, amene adaphunzira kwa Mdatchi Pompe van Meerdervoort ku Nagasaki ndipo adali mkulu wa madokotala a asilikali, adatsegula gombe losambirapo ku Oiso mu 1885. Siteshoni ya sitima idatsegulidwa kumeneko mu 1887, ndipo akuluakulu a boma monga Ito Hirobumi adamangako nyumba.

Mchitidwe watsopanowu udatchedwa kaisuiyoku, zilembo zitatu zotanthauza nyanja, madzi ndi kusamba. Tiyenera kuzindikira kuti poyamba kudali kulandira mankhwala: anthu ankaima m'madzi atagwira zitsulo zozikidwa mumchenga kuti mafunde aziwamenya thupi. Patapita zaka, mankhwala adaiŵalika ndipo maseŵera adatsala, koma liwu silidasinthe.

Ulendo wakumapiri udayamba ndi alendo. Mmishonale wa mpingo wa Anglican, Alexander Croft Shaw, adafika ku Karuizawa mu 1886, adakonda kuzizira kwake, namangako nyumba mu 1888. Azungu anzake adamutsatira, kenaka Ajapani olemera. Ulendo wotere umatchedwa hisho, zilembo ziŵiri zotanthauza kuthaŵa kutentha.

TCHUTHI CHA ANA NDI MOYO WA TSIKU NDI TSIKU

Sukulu za boma zidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1872, ndipo tchuthi cha nyengo yotentha chidabwera nazo. Dzina lake ndi natsuyasumi, mawu aŵiri achibadwidwe, natsu ndi yasumi, kupuma. Chaka cha sukulu ku Japan chimayamba mu Epulo, choncho tchuthichi chimagwa m'kati mwa chaka cha maphunziro. M'zigawo zambiri chimatenga masiku pafupifupi 40, kuyambira cha pa 20 Julayi mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Kumpoto chimafupika chifukwa tchuthi cha chisanu chimatalika.

Popeza chaka sichidathe, mwana amapita kunyumba ndi ntchito. Wa kalasi yoyamba amanyamula mphika wa duŵa la asagao, limene amalithirira ndi kulemba mmene likukulira. Ena amalemba enikki, buku la zochitika za tsiku lililonse lokhala ndi zojambula, ndipo amachita kafukufuku wodzisankhira yekha wotchedwa jiyu kenkyu. Makolo ambiri amakonza ulendo wa banja poganiziranso zimene mwana adzalembe m'bukumo.

Tsiku limayamba ndi rajio taiso, maseŵera olimbitsa thupi otsogozedwa ndi wailesi. Adayambitsidwa mu 1928 ndi nthambi ya inshuwalansi ya ku positi, imene inkafuna kuti anthu ake azikhala ndi moyo wautali. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 ana a pa tchuthi adayamba kusonkhana pabwalo mamaŵa, ndipo mpaka lero wailesi ya NHK imaulutsa pologalamuyi nthaŵi ya 6:30 m'maŵa. Mwana aliyense amadinditsa kakhadi kosonyeza kuti adabwera. Dzinali ndi lophatikiza: rajio ndi lobwereka, taiso ndi la kanji. Masana ana amasaka nyenje ndi zikumbu zanyanga. Kunyumba amamwa tiyi wozizira wa balere, amadya somen, zakudya za ufa wa tirigu zonga ulusi zoviika m'madzi ozizira, ndiponso ayezi wopala wothira manyuchi. Akapita kunyanja amaseŵera suikawari: mwana amamangidwa nsalu kumaso, amapatsidwa ndodo, ndipo anzake amamulondolera ndi mawu mpaka aswe chivwende.

Eni njanji adaona msanga kuti banja lopuma ndi msika. Kobayashi Ichizo adatsegula njanji yochokera ku Osaka kupita ku Takarazuka ndi Minoo mu 1910, ndipo pofuna kuti sitima zisamayende zopanda anthu Lamulungu, adamanga malo osungira nyama ku Minoo ndi malo osambira madzi otentha ku Takarazuka. Mu 1929 adatsegula sitolo yaikulu pa siteshoni ya Umeda, yokhala ndi chipinda chodyera mabanja. Ku Tokyo sitolo ya Mitsukoshi idayamba kugulitsa mbale yapadera ya ana mu 1930, ndipo chaka chotsatira sitolo ya Matsuzakaya idatcha mbale yotere okosama ranchi. Okosama ndi liwu laulemu lotchulira mwana wa munthu wina, ranchi ndi liwu la Chingerezi la nkhomaliro. Dzinali likadalipo m'malesitilanti.

NKHONDO ITATHA: KUBWERERA KUMUDZI NDI GALIMOTO

Chipwirikiti cha pa njanji chimene timamva lero chidayamba ndi kusamuka kwa anthu. Kuyambira 1954 mpaka 1975 sitima zapadera zinkanyamula achinyamata a zaka 15, ongomaliza kumene sukulu, kuchoka m'midzi yakumpoto kupita ku siteshoni ya Ueno ku Tokyo kukagwira ntchito m'mafakitale. Mabwana ankawatcha kin no tamago, "mazira agolide". Mu 1962 anthu a ku Tokyo adapitirira 10 miliyoni. Anthu ameneŵa adakwatira ndi kubereka m'tauni, koma makolo ndi manda zidatsala kumudzi. Akuluakulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka: pakati pa Ogasiti onse ankalongedza katundu nthaŵi imodzi.

Ulendowu uli ndi maina aŵiri. La kanji ndi kisei, ndipo zilembo zake zimatanthauza kubwerera ndi kuzonda makolo. Lachibadwidwe ndi satogaeri, limene poyamba linkanena za mkazi wokwatiwa kumene amene wapita kukaona kwawo. Atolankhani adalumikiza kisei ndi liwu la Chingerezi lotanthauza kuthamangana, n'kupanga kisei rasshu. Ulendo wobwerera m'tauni adautcha U-tan rasshu, poyerekeza ndi chilembo cha U.

Sitima yothamanga ya Shinkansen idayamba kuyenda pa 1 Okutobala 1964 ndipo idadula ulendo wa pakati pa Tokyo ndi Osaka kuchoka pa maola asanu ndi limodzi ndi theka kufika pa maola anayi. Msewu waukulu wa Tomei udatha mu 1969. Mu 1966 kudatuluka galimoto ziŵiri zotsika mtengo, Nissan Sunny ndi Toyota Corolla, ndipo chakacho chidatchedwa chaka choyamba cha maika. Liwu limeneli lidapangidwa ku Japan komweko kuchokera ku mawu aŵiri a Chingerezi otanthauza "galimoto yanga", koma m'Chijapani limatanthauza galimoto ya pakhomo, kaya ndi yanga, yanu kapena ya mnansi. Mngerezi sangalimve, chifukwa lidasanduka la eni ake atsopano.

Nthaŵi imeneyi ndiyo idadzaza Chijapani ndi mawu a katakana. Cha mu 1961 liwu la reja, lotanthauza zosangalatsa za pa nthaŵi yopuma, lidali pakamwa pa aliyense. Mu 1963 amalonda adafalitsa bakansu, kuchokera ku Chifalansa, pofuna kukopa anthu ndi chithunzi cha Afalansa opuma mwezi wathunthu kunyanja. Reja lidakhazikika chifukwa malo osangalalira adamangidwadi: chionetsero cha maiko onse cha ku Osaka mu 1970 chidalandira anthu 64 miliyoni, ndipo Tokyo Disneyland idatsegulidwa mu 1983. Bakansu silidazike mizu m'moyo wa tsiku ndi tsiku chifukwa wantchito wa ku Japan sadapeze tchuthi cha mwezi. Mpaka mu 2019 boma lidachita kukakamiza mabwana ndi lamulo kuti antchito azitenga masiku osachepera asanu a tchuthi cholipidwa pa chaka. Liwu limene lidanena zoona za nthaŵiyo ndi kazoku sabisu, "kutumikira banja". Linkanena za bambo wotopa ndi ntchito amene wapereka tsiku lake lopuma kuti ayendetse mkazi ndi ana kunyanja. Lero ambiri amalidzudzula, ponena kuti kucheza ndi ana ako si ntchito yogwirira wina.

Wolemba za mwezi wa Ogasiti ku Japan asaiŵale kuti ndi mwezi wa chisoni. Bomba lidagwa ku Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945 ndi ku Nagasaki pa 9, ndipo pa 15, pakati penipeni pa Obon, mfumu idalengeza pa wailesi kuti nkhondo yatha. Pa 12 Ogasiti 1985 ndege ya Japan Airlines yochokera ku Tokyo kupita ku Osaka idagwa m'mapiri a ku Gunma ndipo anthu 520 adafa, ambiri mwa iwo ali pa ulendo wa Obon. Madzulo a 6 Ogasiti anthu a ku Hiroshima amayandamitsa nyali zamapepala pa mtsinje wa Motoyasu. Amene angamasulire Obon kuti "chisangalalo" kapena "phwando" wataya theka la tanthauzo lake.

MMENE ZINTHU ZILILI TSOPANO

Ulendo wakunyanja wachepa kwambiri. Kafukufuku wa chaka ndi chaka wa zosangalatsa, Reja Hakusho, adapeza kuti mu 1985 anthu pafupifupi 38 miliyoni adapita kukasamba kunyanja, koma pofika 2019 sadakwane 10 miliyoni. Boma lidakhazikitsa holide ya Tsiku la Nyanja mu 1996 ndi ya Tsiku la Mapiri mu 2016, koma magombe ena atsekedwa ndithu. Chifukwa china ndi kuchepa kwa ana: mu 1973 kudabadwa ana oposa 2 miliyoni, pamene mu 2024 ana a nzika za Japan obadwa sadafike 700,000.

Chifukwa china ndi kutentha. Nthambi ya boma yoona za nyengo idali ndi mawu aŵiri: natsubi, tsiku lofika madigiri 25, ndi manatsubi, lofika madigiri 30. Masiku otentha koposa atachuluka, mu 2007 idawonjeza moshobi, tsiku lofika madigiri 35. Pa 5 Ogasiti 2025 mzinda wa Isesaki udafika madigiri 41.8. Pano tikuona bungwe la boma likupanga liwu ndi kulipatsa malire omveka, ndipo anthu adalilandira msanga chifukwa limawauza tsiku loyenera kusunga ana m'nyumba.

Nawo ulendo wakumudzi ukusintha. Mabanja ambiri alibenso wowasamalira manda kumudzi, choncho amasamutsira mafupa a makolo m'tauni, mchitidwe wotchedwa hakajimai, "kutseka manda". Kusamutsa kotere kumapitirira 100,000 pa chaka. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaletsa maulendo, kudamveka liwu la onrain kisei, kuzonda makolo kudzera pa intaneti. Komabe mliri utatha sitima zidadzazanso pakati pa Ogasiti. Mwa maulendo atatu aja, wakale kwambiri ndiwo wapirira.

ZIMENE TIKUPHUNZIRAPO

Choyamba, kumene liwu lachokera sikumene kumalamula moyo wake. Obon ndi lobwereka ndipo lakhala zaka zoposa 1,300. Dontaku ndi bakansu ndi obwerekanso koma adafota, loyamba chifukwa lidapeza mnzake wamphamvu, lachiŵiri chifukwa chinthu chimene linkatchula sichidafike. Liwu lathu la tchuthi lidachokera ku zinenero za ku India, koma palibe amene amalikayika. Tisanakane kapena kuvomereza liwu, tifunse ngati chinthucho chilipo m'moyo wa anthu.

Chachiŵiri, liwu lopangidwa limagwira ngati zidutswa zake zili zodziŵika kale. Hanabi, natsuyasumi ndi kaisuiyoku amadzimasulira okha kwa Mjapani. Bungwe lofufuza chinenero cha dzikolo, Kokuritsu Kokugo Kenkyujo, lidatsata nzeru imeneyi pakati pa 2003 ndi 2006 pamene lidapereka mawu osavuta oloŵa m'malo mwa mawu obwereka 176 a m'zikalata za boma, litayamba lafufuza kuti ndi anthu angati amene amamva liwu lililonse.

Chachitatu, polemba za nyengo za maiko ena tisagwiritse ntchito chilimwe, dzinja, masika kapena chisanu popanda kutchula miyezi ndi mmene nyengoyo imakhalira. Chiganizo chimodzi chofotokozera chimaposa liwu limodzi losocheretsa.

Chachinayi, maina a miyambo tiwasiye mmene alili ndipo tiwatsogoze ndi liwu lathu losonyeza gulu la dzina, monga "mwambo wa Obon", "chovala cha yukata", "gule wa bon odori", kuti mgwirizano wa mawu m'chiganizo usasokonezeke. Kalembedwe ka Hepburn, kamene tagwiritsa ntchito muno ndiponso kamene boma la Japan lidavomereza mu 2025 m'malo mwa ka 1954, Mcheŵa amakaŵerenga mosavuta, pakuti maphatikizo ambiri a Chijapani amathera ndi lembo la liwu monga athu. Lamulo lathu la l ndi r lisakhudze maina otere: tilembe Karuizawa, osati Kaluizawa, kuti wophunzira akalipeze pa mapu.